Mawu a kanyenyezi a Asilavo: anawamanganso bwanji, nanga anachokera kuti?

Ukatsegula dikishonale yofotokoza chiyambi cha mawu a Chirasha kapena Chipolishi, kaya ya pepala kaya ya pa intaneti, umangoona tinyenyezi mbwee. *gordъ, *melko, *rǫka, *xlěbъ. Kanyenyezi kameneko kakunena chinthu chimodzi basi, kuti liwu limeneli palibe analipeza litalembedwa paliponse, akatswiri anachita kulimanganso poyerekeza zilankhulo zimene zilipo lero ndi zolemba zakale. Chilankhulo chake amachitcha Proto-Slavic, ife tizingoti Chisilavo cha makolo, ndipo ndi chimene chinabala Chirasha, Chiyukireniya, Chibelarusi, Chipolishi, Chicheki, Chisilovaki, Chisiloveniya, Chisebiya, Chikoroweshiya, Chibulgariya ndi zina, zomwe pamodzi zimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 300 miliyoni. Tizilembo tija ъ ndi ь musatiope, ndi mavawelo aafupi kwambiri, koyambako kankamveka ngati u wofulumira, kachiwiriko ngati i wofulumira, ndipo pambuyo pake tinazimiririka m'malo ambiri.

Anthu ena akamva kuti mawu "anamangidwanso" amaganiza kuti ndi zongopeka za mapulofesa osowa chochita. Ayi ndithu. Ndipo ena, makamaka okonda kunyadira mtundu, amaganiza kuti liwu likangokhala ndi kanyenyezi ndiye kuti ndi lenileni la mtunduwo, losasakanizika ndi chilichonse chakunja. Izinso ayi, ndipo apa mpamene ine nkhaniyi imandikomera kwambiri.

Asilavo akale sankalemba. Olemba mbiri Procopius ndi Jordanes analemba za iwo m'zaka za m'ma 500, nthawi imene ankawoloka mtsinje wa Danube kulowa m'madera a Balkan, koma zolemba zawozawo zinayamba mu 863 pamene abale awiri a ku Thessaloniki, Cyril ndi Methodius, anatumizidwa ku Moravia, cha kumene kuli Acheki lero, atapemphedwa ndi mfumu Rastislav, n'kupanga zilembo za Glagolitic ndi kuyamba kumasulira Malemba. Chilankhulo anamasuliramocho, Chisilavo chakale cha m'tchalitchi, chili pafupi zedi ndi kholo lija koma si kholo lenilenilo, ndi kalankhulidwe ka kumwera, ndipo mipukutu yake imene inapulumuka ndi ya m'ma 900 ndi m'ma 1000. Ndiye pali mpata, ndipo mpata umenewu ndi umene akatswiri amautseka ndi kuyerekeza.

Tiyeni titenge liwu la mudzi wotchingidwa ndi mpanda kapena mzinda. Chirasha gorod, Chipolishi gród, Chicheki hrad, Chisebiya grad (monga mu Beograd), cha m'tchalitchi chija gradъ. Kholo lake ndi liti? Ukangoyang'ana liwu limodzi sungadziwe. Koma taonani mawu ena. Mutu: Chirasha golova, Chipolishi głowa, Chicheki hlava, Chisebiya glava. Ng'ombe yaikazi: korova, krowa, kráva, krava. Mkaka: moloko, mleko, mléko, mleko. Mwaona eti? Pamene Arasha ali ndi oro, Apolishi ali ndi ro, Acheki ndi Asebiya ali ndi ra, ndipo zikuchitika choncho m'mawu ambirimbiri osati mwangozi. Njira yokhayo yofotokozera zonsezi nthawi imodzi ndi kunena kuti kholo linali ndi or, ol kapena el pakati pa makonsonanti awiri, *gordъ, *korva, *golva, *melko, kenako Asilavo atayamba kudana ndi silabulo yothera pa konsonanti gulu lililonse linakonza vutolo mwa njira yake, ena anawonjezera vawelo, ena anatembenuza zilembo. Chilithuania, chomwe ndi msuweni wapafupi, chikuvomereza: gardas ndi khola, galva ndi mutu, karvė ndi ng'ombe.

Umboni winanso wamphamvu uli kwa anansi amene anabwereka mawu kusinthako kusanachitike. Ku Greece kuli midzi yotchedwa Gardiki, maina osiyidwa ndi Asilavo amene anakhazikika kumeneko m'ma 500 ndi m'ma 600, ndipo Max Vasmer anasonkhanitsa maina oterewa mu 1941. Gard, osati grad. Ku Finland nsalu ina amaitcha palttina, pamene Arasha lero amati polotno, Apolishi płótno, ndiye Afinishi anasunga *poltьno monga analimvera kalekale. Palinso nkhani ya Aleksandr Vostokov, katswiri wa ku Russia, yemwe mu 1820 anazindikira kuti zilembo ziwiri za m'mipukutu yakale zimene Arasha ankangoziwerenga ngati u ndi ya zinali mavawelo otulukira m'mphuno, chifukwa paliponse pamene zinalembedwa Apolishi ali ndi ą kapena ę. Nchifukwa chake dzanja timalemba *rǫka, Chirasha ruka, Chipolishi ręka.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Carl Meinhof mu 1899 ndi Malcolm Guthrie m'mabuku ake a 1967 mpaka 1971 anachita zomwezi ndi zilankhulo za Chibantu, munthu wathu uja, mtu wa Chiswahili, umuntu wa Chizulu, munhu wa Chishona, zonse kubwerera ku tsinde limodzi *-ntu. Koma tangoganizani munthu wa zaka zikwi zikubwerazo akumanganso Chichewa chathuchi, adzapezamo nsapato, kalata ndi zenera, ndipo adzakhala akunena zoona kuti tinkawalankhula, koma mawuwo ndi sapato, carta ndi janela a Apwitikizi. Kumanganso liwu ndi ntchito ina, kupeza kumene linachokera ndi ntchito inanso. Yachiwiriyi ndiye yovuta.

Gulu lalikulu la mawu a Chisilavo cha makolo ndi cholowa chochokera ku kholo la makolo, Proto-Indo-European, limene linabalanso Chilatini, Chigiriki, Chisanskrit cha ku India, Chiperisiya ndi Chijeremani. Apa mpamene pali mawu a m'nyumba: *mati mayi, *bratrъ mchimwene, *sestra mchemwali, *synъ mwana wamwamuna, *voda madzi, *ognь moto womwe Chisanskrit chimati agni, Chilatini ignis, Chilithuania ugnis. Timadziwa kuti ndi cholowa osati chobwereka chifukwa mawuwa anadutsa mu kusintha konse kwa katchulidwe kuyambira pachiyambi. Mwachitsanzo panali k wina wofewa amene kwa Alatini anakhalabe k koma kwa Asilavo anasanduka s, ndiye Chilatini centum, Chisilavo *sъto kutanthauza 100, Chigiriki kardia, Chisilavo *sьrdьce mtima. Panalinso lamulo lina loti s akabwera pambuyo pa r, u, k kapena i amasanduka x, amene amatchulidwa ngati h wapakhosi, ndiye khutu ku Lithuania ausis, Chisilavo *uxo, chouma sausas, Chisilavo *suxъ.

Komatu si mawu onse akale amene anasungidwa. Chimbalangondo, Agiriki ankati arktos, Alatini ursus, Chisanskrit ṛkṣa, liwu limodzi lomwelo, koma Asilavo analitaya n'kupanga lawo, *medvědь, "wodya uchi", kuchokera ku *medъ uchi ndi tsinde la kudya. Ambiri amafotokoza kuti anali mantha, anthu okhala m'nkhalango sankafuna kutchula chilombocho dzina lake lenileni kuopa kuchiitana. Zipangizo zake ndi zakale, koma liwulo ndi la Asilavo eni ake.

Pali gulu lina la mawu opezeka kwa Asilavo ndi anthu a ku Baltic okha, Lithuania ndi Latvia. *rǫka lija ku Lithuania ndi ranka, *lipa mtengo wina wa kumeneko ndi liepa, *želězo chitsulo ndi geležis. Mawu oterewa, pamodzi ndi kufanana kwa galamala ndi kakwezedwe ka mawu, ndi amene amapangitsa akatswiri ambiri kuvomereza kuti magulu awiriwa anakhalapo chilankhulo chimodzi asanapatukane.

Tsopano tifike pa liwu la Mulungu, *bogъ, lomwe lili m'chilankhulo cha Chisilavo chilichonse, mpaka zikomo wa Chirasha, spasibo, ndi chidule cha spasi bog, Mulungu akupulumutse. Kum'mwera ndi kum'mawa kwa Asilavo, m'zigwa za udzu za kumpoto kwa Black Sea, munkakhala Asikuti ndi Asarmatiya, anthu a akavalo olankhula zilankhulo za banja la Chiirani, ndipo maina a mitsinje Don, Dnieper ndi Dniester amachokera ku liwu lawo la mtsinje, dānu. M'Chiperisiya chakale baga ndi mulungu, ndipo tsinde lake ndi la kugawa, mulungu ndi wogawa madalitso. Kwa Asilavo nazonso zili choncho, *bogatъ ndi wolemera, *ubogъ ndi mmphawi, wopanda gawo. Funso nali: kodi anabwereka, kapena onse awiri analandira cholowa chimodzi, poti Chisanskrit nacho chili ndi bhaga? Mkanganowu watenga zaka zambiri. Ine mbali imene imandigwira mtima ndi ya lamulo la Werner Winter la 1978, loti kwa Asilavo ndi a Baltic vawelo yaifupi inkatalika ikakhala kutsogolo kwa b, d kapena g wamba, monga *ěsti kudya lili ndi vawelo yaitali pamene Chilatini edere ili yaifupi. Bog akanakhala cholowa bwenzi ali *bagъ. Sali choncho. Onjezaninso kuti liwu lakale la mulungu, deus wa Chilatini, dievas wa ku Lithuania, Asilavo analichotsa pa udindo umenewo, ndipo Airani analisandutsa daeva, chiwanda. Zinthu ziwirizi zikaikidwa pamodzi zikuonetsa kuti panali kukhudzana kwakukulu pa zachipembedzo. *toporъ nkhwangwa ndi *rajь paradaiso nawonso amaikidwa kawirikawiri m'gulu lomweli ngakhale kuti si onse amavomereza.

Gulu limene lili ndi umboni wooneka bwino kwambiri ndi la mawu ochokera ku zilankhulo za Chijeremani chakale, makamaka Chigoti. Agoti anatsika kuchokera cha ku Baltic n'kukhala kumpoto kwa Black Sea m'ma 200 ndi m'ma 300 mpaka pamene Ahuni, ankhondo ochokera kum'mawa, anawabalalitsa cha mu 375, ndipo mwayi wathu ndi woti bishopu wawo Wulfila anamasulira Baibulo m'ma 300 momwemo, mbali yake ikusungidwa ku Uppsala ku Sweden mu mpukutu wotchedwa Codex Argenteus. Ndiye mawu a Chigoti tili nawo olembedwa, opanda kanyenyezi. Buledi, chakudya chimene Arasha amalandirira nacho alendo pamodzi ndi mchere, *xlěbъ, ndi hlaifs wa Chigoti, m'bale wake wa loaf wa Chingerezi. *kotьlъ mphika wachitsulo ndi katils, *kupiti kugula ndi kaupon, *osьlъ bulu ndi asilus, ndipo atatu amenewa Agotinso anawatenga ku Chilatini, ndiye anadutsa m'manja awiri. *stьklo galasi ndi stikls, chomwe kwa Agoti chinali chikho chomwera, Asilavo anatenga dzina la chikho n'kulipereka ku chimene anapangira chikhocho. *duma ganizo kapena upo, lomwe lero ndi dzina la nyumba ya malamulo ku Moscow, ndi doms, chiweruzo. *kъnędzь kalonga ndi *kuningaz wa Chijeremani chakale, liwu limene Afinishi analisunga pafupifupi osalisintha, kuningas, ndipo ku Russia linakhala knjaz' kalonga pamene ku Poland ksiądz ndi wansembe. Ndalama za Apolishi, pieniądze, ndi za Acheki, peníze, ndi m'bale wa penny. Mukaona mndandanda umenewu mukuona chimene anthuwa ankakumanirana: msika, nkhondo, ufumu, ziwiya zatsopano.

Ngamila ndiye ili ndi ulendo wautali kuposa onse. Chigiriki elephas ndi njovu. Liwuli linafika kwa Agoti ngati ulbandus ndipo tanthauzo litasintha kale kukhala ngamila, lili mu vesi ija ya ngamila kulowa pa diso la singano. Asilavo analitenga ngati *velьbǫdъ, koma poti silinkamveka kanthu m'makutu mwawo analikhotetsa kuti lifanane ndi mawu awo a "chachikulu" ndi "kuyendayenda", ndiye lero Apolishi amati wielbłąd, Acheki velbloud, Arasha verbljud.

Nanga timadziwa bwanji kuti wobwereka ndi Msilavo osati Mgoti? Apa mpamene malamulo a katchulidwe aja amagwira ntchito. H wa Chijeremani anachokera ku k wakale, kusintha kumene kunachitika kwa Ajeremani okha, ndiye liwu la Chisilavo likayamba ndi x pamene Chijeremani chili ndi h, njira yake ndi imodzi basi, linachoka kwa Ajeremani. Likanakhala cholowa bwenzi likuyamba ndi k kapena s. Umboni wake ndi *cělъ, chathunthu, lomwe ndi cholowa ndipo limagwirizana ndi hails wa Chigoti: poyamba linali ndi k, silinakhalepo ndi x.

Chokomanso china, malamulo omwewa amauza nthawi imene liwu linalowa. Asilavo anafewetsa k, g ndi x maulendo angapo osiyana. Ulendo woyamba x kutsogolo kwa e ankasanduka š, ndiye chisoti chankhondo, helm wa Chijeremani, chinakhala *šelmъ, kusonyeza kuti chinalowa msanga. Ulendo wachiwiri k ankasanduka c, amene amatchulidwa ngati ts, kutsogolo kwa ě wochokera ku ai, ndiye kaisar, dzina la Caesar lija litadutsa kwa Agoti, linakhala *cěsarь, kenako kufupika mpaka tsar, udindo umene Ivan IV anavekedwa mu 1547. Ndipo pali liwu la mfumu, Chirasha korol', Chipolishi król, Chicheki král, Chisebiya kralj. Mukukumbukira oro, ro, ra uja? Kholo lake likuyenera kukhala *korljь, ndipo ambiri amavomereza kuti ndi dzina la munthu, Karl, Charlemagne mfumu ya Afulanki amene anavekedwa chisoti chachifumu ku Rome mu 800 n'kumwalira mu 814. Ngati dzina lake linadutsa mu kusintha kuja m'magulu onse, ndiye kuti cha m'ma 800 Asilavo kuyambira ku Baltic mpaka ku Adriatic ankalankhulabe chinthu chimodzi chosiyana pang'onopang'ono, ndipo kusinthako kunali kusanathe. Liwu limodzi lapereka deti ku lamulo lonse. Kuchokera kwa Asilavo linapitirira kwa anthu a ku Hungary, király, ndi a ku Turkey, kral.

Ena anayesa kugwiritsa mawu obwereka kupeza dziko loyamba la Asilavo. Mu 1908 katswiri wa zomera wa ku Poland, Józef Rostafiński, anaona kuti mtengo wa beech, *bukъ, dzina lake ndi lobwereka kwa Ajeremani, pamene mitengo ya m'madambo ndi m'nkhalango za kum'mawa ili ndi maina a cholowa. Iye anati ndiye kuti kwawo kunalibe mtengowo, kutanthauza kum'mawa kwa mzere wochoka ku Kaliningrad wa lero kufika ku Odesa, cha ku madambo a Pripyat. Ganizoli ndi lanzeru ndipo likutchulidwabe, koma pa lokha silingamange nyumba, chifukwa malire a mitengo amasuntha pa zaka zambiri, komanso anthu amatha kubwereka dzina la chinthu chimene anali nacho kale. Pa tsinde lomweli panabwerekedwanso *buky, chilembo, bukva wa Chirasha lero, m'bale wa book wa Chingerezi.

Kenako pali mawu ovuta, ndipo awa ine ndimawakonda chifukwa amaonetsa akatswiri akulimbana moona mtima. Tsekwe ku Lithuania ndi žąsis, ndipo mwa lamulo Chisilavo chimayenera kuyamba ndi z, koma ndi *gǫsь, ndiye ena amati Chijeremani chinalowererapo, ena amati kufewa kuja kunangolephereka mu liwu limeneli. *korva lija, kutanthauza chanyanga, lili ndi k pamene *sьrna, kanyama konga gwape ka tsinde lomwelo, kali ndi s woyembekezeka. Mkaka *melko nawo ndi wokayikitsa, poti kukama kwa cholowa kuli ndi z, monga molozivo wa Chirasha, mkaka woyamba wa mayi atangobereka, ndiye k wa mu *melko anachokera kuti? Ena amaloza kwa Ajeremani, ena amakana. Buku, *kъniga, mpaka lero alipezera makolo angapo opikisana, ena kum'mawa kwenikweni kudzera mwa anthu olankhula zilankhulo za Chiteki. La womasulira ndiye silivuta, *tъlmačь linachokera kwa anthu a Chiteki a m'zigwa zija, ndipo linayenda mpaka kukafika ku Chijeremani cha lero, Dolmetscher. Ajeremani enieniwo Asilavo ankawatcha *němьci, kuchokera ku *němъ, wosalankhula, anthu amene zonena zawo sizimveka.

Ntchito yonseyi ndi ya mibadwo. Franz Miklosich anatulutsa dikishonale yake ku Vienna mu 1886, Vasmer anatulutsa ya Chirasha m'ma 1950 ku Heidelberg, Oleg Trubachev anayambitsa yaikulu ya ku Moscow mu 1974 ndipo inapitirira kutuluka iye atamwalira, chaka chomwecho cha 1974 Franciszek Sławski ndi anzake a ku Kraków anayamba yawo, Rick Derksen wa ku Leiden anatulutsa ina mu 2008. Pa liwu limodzi mabuku amenewa amatha kusiyana, ndipo wowerenga wanzeru amayang'ana zifukwa zake osati dzina la wolemba.

Nthawi zina nthaka yokha imadzakonza zimene mabuku ananena. Pa 26 July 1951 ofukula zakale ku Novgorod, mzinda wakale wa ku Russia, anapeza kalata yoyamba yolembedwa pa khungwa la mtengo wa birch, ndipo kuyambira pamenepo zapezeka zoposa 1000, makalata a anthu wamba, za ngongole, za maukwati, za milandu. Kalata nambala 247, ya m'ma 1000, inali ndi liwu kěle limene oyamba kuiwerenga analitenga ngati chipinda cha mmonke, ndipo chiganizo sichinkamveka bwino. Katswiri wa zilankhulo Andrey Zaliznyak ataiwerenganso anaona kuti mawu anagawidwa molakwika, wolembayo akunena za mlandu wa kuba kuti loko ali bwinobwino, zitseko zili bwinobwino, palibe anathyola. Kěle ndi *cělъ uja, koma ali ndi k wake wakale. Kutanthauza kuti kufewetsa kwachiwiri kumene mabuku ankati kunachitika kwa Asilavo onse sikunafike ku Novgorod, mwina makolo a anthu amenewa anali atapatuka kale kumpoto nthawi imene enawo ankasintha k kukhala c. Makungwa ena anatsimikiza zomwezo, tchalitchi chimene ena onse amayambitsa ndi c, monga cerkov' wa Chirasha, kumeneko chinalembedwa ndi k, ndipo liwu limenelonso ndi lobwereka, linachoka ku Chigiriki kyriakon, "nyumba ya Ambuye", n'kudutsa kwa Ajeremani amene lero amati Kirche.